Masiku 6 m'mbali mwa chimzere cha Mfumu Offa

Lolemba, ku Kington

Tafika ku Kington dzuwa litapendeka. Tinanyamuka ku Birmingham m'mawa pa sitima mpaka ku Hereford, kenaka basi yokhotakhota m'timisewu topapatiza ta pakati pa minda. Ndili ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 15, wobadwira konkuno, amene chibadwire sanagwirepo mpini wa khasu. Sukulu atsekera Pasaka, ine ndapempha sabata imodzi kuntchito. Tikufuna tiyende wapansi kuchoka pano mpaka ku Montgomery, motsata chimzere chadothi chimene Angerezi amati Offa's Dyke, eni ake a ku Wales amati Clawdd Offa.

Ndikuchitcha chimzere chifukwa ndilo dzina limene linandibwerera pakamwa tsiku limene ndinachiona pa chithunzi. Ndi mzere ndithu, ngati wa chimanga, kungoti pena ndi wamtali kuposa munthu, uli ndi ngalande mbali imodzi, ndipo umakwera mapiri n'kutsika m'zigwa makilomita oposa 100. Offa anali mfumu ya Mercia, ufumu wa chigawo chapakati cha England, kuyambira 757 mpaka 796. Mmonke wina wa ku Wales dzina lake Asser, polemba cha m'ma 893, ndiye anatisiyira mawu oti Offa analamula kuti akumbe chimzere chachikulu pakati pa Mercia ndi Wales, kuchokera kunyanja kukafika kunyanja. Lero pali njira ya oyenda pansi ya makilomita 285, yotsegulidwa mu 1971, yochokera ku Sedbury kumwera kukathera ku Prestatyn kumpoto. Ife tangopatulapo chapakati, pomwe chimzere chidakali chathunthu.

Madzulo takwera Hergest Ridge kuti miyendo izolowere. Pamwamba pake, pakati pa udzu wometedwa ndi nkhosa, mwana waona kanjira kosalala kokhala ndi kamtumbira m'mbali, kozungulira mutu wa phiri.

"Adadi, si chimenechi?"

Ayi. Limeneli linali bwalo la mpikisano wa akavalo, la m'zaka za m'ma 1820 mpaka 1840. Chimzere cha Offa paphiri ili sichidutsapo n'komwe. Ndakondwa kuti tayambira pamenepa, chifukwa maso akangophunzira kuona mitumbira amafuna kuti uliwonse ukhale wa mfumu yakalekale. Kanjira kozungulira n'kubwerera pomwe kanayambira sikangalekanitse mayiko awiri. Mwana wachivomereza, koma ndaona kuti zamuwawa pang'ono.

Lachiwiri, kuchoka ku Kington kufika ku Knighton

Makilomita 22. Mapazi akuyaka moto, koma ndilembe zisanazizire.

Tinadutsa bwalo la gofu la paphiri la Bradnor, minda ya nkhosa ingapo, ndipo pa Rushock Hill tinakumana nacho. Pamenepa n'chachifupi, chofika m'chiuno, chomera zitsamba zaminga za maluwa achikasu. Mwana anaima, manja m'thumba.

"Basi, n'chimenechi tachiyendera ulendo wonsewu?"

Sindinamuyankhe ndi mbiri ya mafumu. Ndinamufunsa funso limene agogo anga aakazi ankatifunsa kumunda ku Ntcheu tikawunda mzere wowonda: dothi ili lachokera kuti? Mtumbira uliwonse uli ndi dzenje lake. Munthu sanyamula dothi kuchokera kutali pamene lili pansi pa mapazi ake. Ukapeza dzenje, wapeza pomwe wokumba anaima, ndipo wadziwa kumene ankayang'ana.

Titapitirira, kudutsa m'munsi mwa Herrock Hill ndi Burfa, chimzere chinakula ndipo ngalande inaonekera poyera. Ili kumadzulo, mbali ya ku Wales. Ndinauza mwana atsikire m'ngalandemo ayang'ane m'mwamba, ine n'kuima kuseri, mbali ya kum'mawa. Kwa ine chinali chitunda chongokwera osapuma nkomwe. Kwa iye chinali chikhoma. Anakwera chokwawa, mawondo ali matope okhaokha, ndipo atafika pamwamba anati, "Ndiye kuti ankatsekera a uko." Anachipeza yekha, ndipo tsiku lonse sanadandaulenso za kuchepa kwake.

Mabuku amati pomwe chasungika bwino, chimzere ndi ngalande yake pamodzi zimafika mamita 20 m'mimba mwake, ndipo mtumbirawo umatalika mamita 2.4. Zimenezi ndi zotsala patapita zaka zoposa 1,200 za mvula, nkhosa ndi mapulawo. Chikadali chatsopano, dothi lili mbee, ngalande isanakwiririke, munthu wochokera kumadzulo ankachionera patali ndithu.

China chimene ndachiona ndi mapazi, chomwe mapu sakanandiuza: chimzerechi sichikonda nsonga ya phiri. Chimayenda cham'munsi pang'ono, pa mbali yoyang'ana ku Wales. Woima pamenepo amaona chigwa chonse cha kumadzulo, ndipo wa m'chigwa akakweza maso amaona mzere wadula phiri. Anthu awiri akamagwirizana malire mwamtendere amasankha mtsinje kapena msana wa phiri, pomwe aliyense atsala ndi mbali yake mofanana. Apa wina anasankha yekha malo omukomera. Ine kuona kwanga, uyu sanali kupempha.

Masana tidadyera pafupi ndi mtsinje wa Lugg, ndipo ndinayamba kuwerengera m'mutu monga munthu amene anadyapo ganyu. Kalelo kunalibe mathalakitala. Anali ndi mafosholo amtengo ovekedwa chitsulo kumlomo, zokumbira, madengu ndi misana yawo. Akatswiri ena amati pena pake ukayang'anitsitsa umaona pomwe gulu lina linasiyira ndi pomwe lina linayambira, chifukwa mzere umagwedera pang'ono kapena msinkhu umasintha. Zimenezo ndazimvetsa msanga. Ndi ndime. Kwathu anthu awiri akagawana ndime, ngakhale mizere ilumikizane bwanji, mwini munda amaloza ndithu kuti apa panathera uje, apa panayambira uje. Dzanja la munthu silibisika m'dothi. Ndipo anthu ambirimbiri amene anakumba pano ayenera kuti anali alimi, osiya minda yawo chifukwa mfumu yaitana. Ife a ku Malawi mawu oti thangata timawadziwa kulemera kwake. Dzina latsala ndi la Offa, koma ndayenda lero ndikuganiza za iwowo, ndi za amene anatsala kumudzi kuwalimira.

Tinatsikira ku Knighton kudzera pa Hawthorn Hill mdima ukuyamba.

Lachitatu, ku Knighton

Mvula kuyambira mbandakucha. Sitinayende, ndipo zatikomera.

Dzina la tauniyi m'Chiwelishi ndi Tref-y-Clawdd, kutanthauza mudzi wa pa chimzere. Chimzerecho chimadutsa chakumadzulo kwa tauni, ndiye potsata Offa, nyumba zambiri za pano zikanakhala ku England. Koma Knighton ili ku Wales. Malire a lero anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 1536, nthawi ya mfumu Henry VIII ya ku England, ndipo pano amatsata mtsinje wa Teme. Siteshoni ya sitima ya tauniyi ili kutsidya kwa mtsinje, ku England. Munthu amagula buledi ku Wales n'kukakwerera sitima ku England, mphindi zochepa wapansi.

Mwana zamudabwitsa. Ine zandikumbutsa pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire: kabichi ugule mbali ya Malawi, mbatata uwolokere ku Mozambique, ogulitsa onse awiri akuyankhula chinenero chimodzi ndipo mwina ndi pachibale.

Tinakhala nthawi yaitali ku Offa's Dyke Centre. Bungwe losamalira chimzerechi linayamba mu 1969, ndipo amene analilimbikira anali Frank Noble, mphunzitsi wa pano pomwe. Mayi wina wachikulire wongodzipereka anatiyalira mapu patebulo n'kutifotokozera mkangano wa akatswiri. Cyril Fox, amene anayenda ndi kuyeza chimzere chonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1930, anakhulupirira mawu a Asser oti chinachokera kunyanja kukafika kunyanja, ndipo mipata yomwe ilipo anati munali nkhalango zowirira kapena mitsinje yosafuna chotchinga china. Patapita zaka, David Hill ndi Margaret Worthington atakumba malo ambiri anati ayi, chimzere chenicheni ndi makilomita 103 okha, kuchokera pa Rushock Hill pomwe tinali dzulo kukafika kufupi ndi Treuddyn, ndipo chinali chotchinga ufumu umodzi wokha wa ku Wales, wotchedwa Powys. Ndiye mu 2014, ofukula za m'mabwinja atayeza zotsalira za pansi pa chimzere kufupi ndi Chirk, zina zinaonetsa zaka za pakati pa 430 ndi 652, Offa asanabadwe.

Mwana anafunsa kuti nanga olondola ndani. Mayiwo anamwetulira n'kumuuza kuti chimene chili pansi pa mtumbira chimangokuuza kuti mtumbirawo unabwera pambuyo pake, sichikuuza kuti patapita zaka zingati. Ndinawagwirizana nawo kwathunthu. Ukapeza phale la agogo pansi pa maziko a nyumba, sindiye kuti nyumbayo anamanga ndi agogo.

Anationetsanso zida za masiku ano. Pali mapu a m'ma 1840, ojambulidwa pofuna kuwerengera chakhumi cha tchalitchi, omwe munda uliwonse uli ndi nambala ndipo yambiri ili ndi dzina. National Library of Wales inawaika pa intaneti. Palinso zithunzi za lidar, zojambulidwa kuchokera m'ndege ndi kuwala kopyola m'mipata ya masamba, moti pakompyuta mitengo imachotsedwa, nthaka n'kutsala yambulanda, mtumbira uliwonse uli poyera. Mwana apa ndiye anatenga ulamuliro, ine ndikungoloza ndi chala.

Usiku ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Nkhani yawo inali ya malire. Munda wathu wa kumtunda, umene agogo anasiyira amayi, wayamba kuchepa. Khonje amene agogo anabzala m'malire anapsa ndi moto wolusa zaka zingapo zapitazo, zitsa zake wina anazula, ndipo oyandikana nafe chaka chilichonse powunda mizere amasendera. Chaka chino mzere umodzi, chaka chamawa wina.

"Bambo, ine ndatopa nazo zoyankhula," anatero amayi. "Ndakagwada kwa amfumu. Akuti abwera Loweruka ndi nduna zawo."

"Mwachita bwino, amayi. Malume adzakhalepo, musadzaime nokha."

Ndagona mochedwa. Ndabwera kudzaona malire a anthu ena a zaka 1,200, pamene athu a zaka 50 akusowa owaloza.

Lachinayi, kuchoka ku Knighton kufika ku Newcastle, kamudzi ka m'chigwa cha mtsinje wa Clun

Kwacha kopanda mtambo. Chikweza cha Panpunton Hill, ukangowoloka Teme, chimakuyesa mtima m'mawa m'mawa. Kenaka Cwm-sanaham Hill, kenaka Llanfair Hill, pomwe chimzere chimafika pamwamba kuposa pena paliponse, mamita pafupifupi 430 kuchokera pa nyanja.

Amene akufuna kuona Offa's Dyke tsiku limodzi lokha abwere pano. Palibe nyumba, palibe nkhalango yochibisa. Chimzere chimangoyenda pa udzu, chakuda mbali ya mthunzi, kutsika m'kachigwa, kutulukira kutsidya, kukwera phiri lina, mpaka maso atopa. Tinakhala pansi osayankhula, mphepo ikuliza mawaya a mpanda, tiana ta nkhosa tikulira m'munsimu. Njira ya oyenda pansi pano anaipatutsa kuti idutse m'mbali, chifukwa nsapato za anthu nazo zimadya dothi.

Tinakumana ndi mlimi, bambo wa imvi ali pa njinga yamoto ya matayala anayi, galu kumbuyo. Ndinawapatsa moni n'kuwafunsa za maenje aakulu amene tinaona m'nthiti mwa chimzere. Anati ndi a nyama yotchedwa badger, yofananako ndi chiuli chathu. Imakonda mtumbira chifukwa dothi lake ndi lofewa ndi louma. Lamulo limateteza chimzere, lamulo limatetezanso nyamayo, ndiye mlimi amangoonerera. Anatinso nkhosa zimakonda kugona m'mbali mwake pothawa mphepo, zimapala udzu, mvula n'kumalizitsa.

Nditawauza kuti ndinakulira pa munda, nkhope yawo inamasuka. Anatitengera pa chipata china chakumunsi n'kutilozera mpanda wa zitsamba wodula phiri chopingasa. Anati tiime kumtunda kwake, kenaka kumunsi. Kumtunda, nthaka inali yolingana ndi tsinde la mpanda. Kumunsi, tinatsika sitepe yofika pafupifupi m'chifuwa. Palibe anakumba, palibe anawunjika. Munda wa kumtunda ukalimidwa zaka mazana, dothi limatsetsereka pang'onopang'ono n'kukaima pa mpanda. Wa kumunsi nawo pulawo imadya tsinde, dothi n'kumathawira kumunsi. Angerezi sitepe yotere amaitcha lynchet. Bamboyo anati ngakhale utazula mpanda wonse lero, sitepeyo idzatsala, ndipo idzauza zidzukulu pomwe panali malire.

Mtima wanga unagunda. Munda wathu wa kumtunda nawo uli potsetsereka, ndipo khonje wa agogo anali wopingasa.

Dzuwa litapendeka tinasewera masewera owerenga mitundu ya mitengo m'mipanda. Katswiri wina wa zomera, Max Hooper, anapeza kuti ukayeza mayadi 30 a mpanda n'kuwerenga mitundu ya mitengo ndi zitsamba zimene zilimo, mtundu uliwonse umaimira zaka pafupifupi 100, poti mpanda umayamba ndi mtundu umodzi ndipo ina imabwera ndi mbalame ndi mphepo. Mipanda ya pamwamba pa mapiri a Clun Forest ndi yowongoka ngati anaijambula ndi rula, ndipo yambiri ndi ya hawthorn yekhayekha kapena waya. Imeneyo ndi ya m'zaka za m'ma 1800, pamene malo odyetsera ziweto a anthu onse anadulidwa n'kugawidwa kwa eni minda, woyeza malo atajambula kaye papepala. Koma m'kanjira kotsikira ku Newcastle, kokhotakhota, mwana anawerenga mitundu 6: hawthorn, blackthorn amene ali maluwa oyera mbuu masamba asanatuluke, hazel, holly, ndi ina iwiri imene foni yake inatithandiza. Lamulo la Hooper sindingaliikire khosi, chifukwa mlimi akhoza kubzala mitundu isanu tsiku limodzi, ndipo kumadera ano a m'malire ankaterodi. Koma mpanda wokhota, wokhala pa mtumbira, wa mitundu yambiri, ukauika pambali pa wowongoka wa mtundu umodzi, wamkulu amadziwika.

Pafupi ndi mudziwu pali chikwangwani chonena kuti apa ndi pakatikati pa njira yonse. Usiku ndatumizira amayi uthenga wamawu: amfumu akabwera, akayang'ane pomwe nthaka yapanga sitepe.

Lachisanu, kuchoka ku Newcastle kufika ku Montgomery

Za m'mawa ndilemba mwachidule poti zinali za miyendo, mutu sunagwire ntchito. Chigawo ichi ndi chokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo chimzere sichizemba chigwa ngakhale chimodzi, chimangolunjika. Pa Churchtown pali katchalitchi kali kokhakokha m'chigwa. Tinapumirapo, mwana n'kumata chithuza cha kuchidendene. Pamwamba tinadula Kerry Ridgeway, njira yakale kwambiri imene ankapititsamo ng'ombe ndi nkhosa kuchokera ku Wales kupita kumisika ya England. Tinadutsanso m'kanjira kolowa pansi, makoma adothi mbali zonse ziwiri, mizu ya mitengo ili pamtunda pa mitu yathu. Mwana anafunsa yekha funso la agogo: dothi lake lili kuti? Panalibe mtumbira m'mbali. Ndiye kuti sikanakumbidwe, kanadyeka ndi ziboda, mikombero ya ngolo ndi madzi a mvula, monga zimachitira njira za ngolo kwathu mpaka kusanduka zigwembe.

Titatsika m'chigwa, kudutsa Mellington ndi mphambano ya Brompton, chimzere chinawongoka pakati pa minda yathyathyathya. Chigawo chimenechi, kum'mawa kwa Montgomery, ndi amodzi mwa malo ochepa pomwe chimzere cha Offa chidakali malire enieni a England ndi Wales mpaka lero.

Ndipo pamenepa, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndinaona chimene chandikhudza koposa pa ulendo uno. M'munda wa msipu, umene masana ukanaoneka wosalala, kuwala kopendeka kunatulutsa mizere. Yotakata, iliyonse masitepe anga asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, yogona mondondozana ngati mafunde, mithunzi ili m'mipata. Munda wolimidwa ndi anthu amene anafa kalekale, nkhosa zikudya pamwamba pake.

Ndinakhala pa chipata n'kumufotokozera mwana, ndipo apa ndinayankhula ngati mlimi. Mizere iyi sanaiwunde ndi khasu. Pulawo yawo inkagudubuzira dothi mbali imodzi yokha, kumanja. Wolima ankayambira pakati pa chigawo chake n'kumazungulira, kupita ndi kubwerera, ndiye chaka ndi chaka dothi linkasunthira pakati, m'mbali n'kumatsala ngalande. Ngalandeyo inkachotsa madzi, komanso ndiyo inali malire pakati pa chigawo cha banja ili ndi cha banja lina, chifukwa minda ya mudzi inali yaikulu, yopanda mipanda, aliyense ali ndi timagawo take tomwazikana. Mizere yakale kwambiri imakhota kumapeto ngati chilembo cha S chotembenuza, poti ng'ombe zinkamangidwa mpaka 8, ziwiriziwiri, ndipo mdipiti wautali choncho unkayenera kuyamba kupatuka usanafike kumutu kwa munda kuti upeze pokhotera. Kumutuko, pomwe pulawo inkakutumulidwa, dothi linkaunjikana n'kupanga mtumbira wina wopingasa.

Ngakhale ekala imene timaitchula tsiku ndi tsiku kwathu inabadwira m'minda yotereyi. Inali ndime ya tsiku limodzi ya ng'ombe zapagoli: mayadi 220 m'litali, mayadi 22 m'lifupi. Amayi akamati ndalima ekala imodzi ndi theka, akuyeza ndi ng'ombe za anthu awa.

Chosiyana n'chakuti mizere ya kuno kawirikawiri imatsata kutsetsereka, kuti madzi achoke, poti vuto lawo ndi chinyontho. Yathu imapingasa kuti madzi aime. Ndipo yathu siikhalitsa: chaka chilichonse timaiswa, mzere wa chaka chino n'kukhala pomwe panali mpata chaka chatha, motalikirana masentimita 75 monga amanenera alangizi. Ya kuno yakhala zaka mazana chifukwa inkabwerera pamalo pomwepo, ndipo kulima kutasiyidwa, munda n'kusanduka msipu wa nkhosa, udzu unaiphimba n'kuisunga.

Mwana anafunsa ngati Amalawi akhala akuwunda mizere chiyambire. Ndinamuuza zimene agogo ankatiuza, kuti iwo ali mtsikana anthu ambiri ankabzala pa matutu, ndipo mizere yopingasa ndi milambala zinakakamizidwa ndi boma la atsamunda pa malamulo amene anthu ankangowatcha malimidwe. Wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kwathu ku Ntcheu, Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulowo potsutsa chitaganya, ndipo mu 1953 boma linaichotsa pampando. Milambala ina ya nthawi imeneyo ikadalipo m'mapiri mwathu, yomera udzu. Mlendo angaione ngati ntchito ya ulimi chabe. Agogo ankati akaiona amakumbukira amesinjala.

Tinalowa mu Montgomery nyali za m'misewu zitayaka.

Loweruka, ku Montgomery

M'mawa tinakwera ku mabwinja a linga lamiyala limene linayamba kumangidwa mu 1223, nthawi ya Henry III. Ukaima pamenepo umaona chigwa chonse, ndi mzere wa mitengo wowongoka umene ukubisa chimzere chomwe tinayenda dzulo. Kuseri kuli phiri la Ffridd Faldwyn, lokhala ndi malinga adothi a anthu amene anakhalako Aroma asanafike. Kumpoto chakumadzulo kuli mtsinje wa Severn ndi dooko la Rhydwhyman, pomwe mu 1267 mfumu ya England inavomereza Llywelyn ap Gruffudd kukhala kalonga wa Wales. Onsewa, mibadwo yotalikirana zaka mazanamazana, ankalondera dooko limodzi lomwelo.

Kenaka tinayenda kupita ku Hen Domen, kutanthauza mtumbira wakale. Ndi chulu chachikulu chopangidwa ndi manja, chozingidwa ndi ngalande, chomera mitengo; chili m'munda wa eni ake, ndiye tinachionera pa msewu. Apa panali linga lamitengo limene Roger de Montgomery, mmodzi wa akuluakulu a Anormani, anamanga patangopita zaka zochepa Anormani atalanda England mu 1066. Ofukula za m'mabwinja, motsogozedwa ndi Philip Barker, anakumba pano zaka pafupifupi 30 kuyambira mu 1960, ndipo pansi pa mtumbira wa lingalo anapeza mizere ya pulawo. Linga linakhala pamwamba pa munda. Komanso kaundula wa Domesday wa mu 1086 amati dera limeneli Anormani asanabwere linali tchire losakamo nyama. Choncho panali munda, munda unasiyidwa n'kukhala tchire, patchirepo n'kudzamangidwa linga, linga nalo n'kusiyidwa. Palibe mlimi wa mundawo amene dzina lake linalembedwa. Chomuchitira umboni ndi choti mtumbira wa wankhondo unagwera pamwamba pa mizere yake n'kuisunga.

Mwana anati, "Chapamwamba ndiye chaching'ono." Ndinati eya, ndipo chodula chinzake ndicho chinabwera pambuyo.

Tili pa benchi kudikira basi ya ku Shrewsbury, foni inalira. Amayi.

"Bambo, amfumu abwera, angochoka kumene."

"Zayenda bwanji, amayi? Munawauza za sitepe ija?"

"Sindinachite kuwauza. Nduna ija yachikulire, ija inkasenza katundu wa amfumu akale, yangofika n'kuyenda chodutsa m'chimanga, osafunsa munthu. Yafika pomwe nthaka yatsika, yaima, yati bweretsani khasu. Akumba kawiri katatu, mizu ya khonje ija ili pomwepo, yakuda. Akumbanso chapatsogolo, ilipo. Anzathu aja anangoti zii."

Mizere inayi ndiyo inalowa kwathu. Amfumu agamula kuti chimanga chimene chilipo akolole okha amene anabzala, poti mbewu ilibe mlandu, koma akatha kukolola malire abwerere pa sitepe, ndipo mabanja onse awiri adzabzale khonje watsopano limodzi, nduna ikuona. Amayi ati malume apita kale kukapempha mphukira kwa a kutsidya kwa dambo.

Mwana anamva zonse, poti Chichewa amamva ngakhale kuyankha kumamulemera. Analanda foni.

"Agogo, musabzale yonse. Mundisiyireko ineyo, tikubwera mu Ogasiti."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza kuti khonje amabaya, adzabwere ndi manja olimba. Basi inatulukira pakona, tinanyamula zikwama.